Koyoti, Nkhandwe ya ku America

Anzathu a m'kooperativa, phunziro la lero likutitengera kutali, kutsidya la nyanja ya mchere, ku America wa kumpoto. Kumeneko kuli chilombo chotchedwa koyoti. Kuno ku Moçambique kulibe. Koma aliyense amene anadzukapo m'mawa n'kupeza nthenga zokhazokha pakhomo pa khola la nkhuku aimva bwino nkhaniyi. Koyoti ndi wachibale wa nkhandwe, ndipo makhalidwe awo ngofanana.

Koyoti amaoneka ngati galu wowonda. Mphuno yake njosongoka, makutu ngoima, mchira ngwaubweya wambiri. Ubweya wake ngotuwa, mwina mofiirira. Amaposa nkhandwe yathu pang'ono, chifukwa wamkulu amalemera makilogalamu 10 mpaka 20. Dzina lake linachokera ku Mexico. Anthu a mtundu wa Aztec ankamutcha coyotl, ndipo azungu a ku Spain atafika analitola dzinalo.

Usiku amalira mokweza. Akoyoti awiri kapena atatu akayamba kuuwa pamodzi, womvera amayesa kuti alipo khumi. Kulirako n'kuuza akoyoti ena kuti dera lino lili ndi eni ake. Musunge mawu amenewa, dera ndi eni ake. Tiwapezanso kutsogoloku.

Koyoti sasankha ndiwo. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa, makoswe ndi akalulu. Amadyanso ziwala, zipatso, nyama yofa yokha, ndi ana a nyama zonga agwape. Alimi a mavwende amadandaula naye, chifukwa amalowa m'munda usiku n'kuboola mavwende akupsa. Nthawi zina amasaka limodzi ndi nyama ina yokumba pansi, yofanana ndi chiuli. Inayo ikukumba una, koyoti akudikira kunja kuti agwire chothawa. Akapeza mwana wa nkhosa wopanda mbusa, nayenso amagwira. Chilombo chimodzi chomwecho chimaliza woweta nkhosa, koma chimachotsera wolima tirigu makoswe m'munda.

Anafalikira bwanji?

Chaka cha 1900 chisanafike, koyoti ankakhala makamaka kumadzulo ndi pakati pa America wa kumpoto, m'zigwa za udzu ndi malo ouma, mpaka ku Mexico. Kum'mawa kunali nkhalango zowirira. M'nkhalangomo munali mimbulu. Mmbulu wa kumeneko ndi waukulu, umaposa koyoti kawiri kapena katatu, ndipo ukakumana naye umamupha.

Atsamunda ochokera ku Europe anachita zinthu ziwiri. Anagwetsa nkhalango n'kutsegula minda ndi malo odyetserako ng'ombe. Malo otere mbewa ndi akalulu zimaswana kwambiri. Kenaka anapha mimbulu ndi mfuti, misampha ndi poizoni, mpaka inatha m'zigawo zambiri. Mdani wa koyoti anachoka, chakudya chinachuluka. Nanga akanalekeranji kubwera?

Anayenda pang'onopang'ono kulowera kum'mawa. Ali m'njira, ku Canada, ena anakwerana ndi mimbulu yotsala, enanso ndi agalu. N'chifukwa chake akoyoti a kum'mawa ali aakulu kuposa a kumadzulo. M'zaka za m'ma 1980 anafika pa chilumba cha Newfoundland. Lero ali m'zigawo zonse za dziko la United States kupatula zilumba za Hawaii. Kumwera anatsata minda ndi mabusa a ng'ombe mpaka ku Panama, ndipo cha m'ma 2013 anaoneka kutsidya kwa ngalande yaikulu ya Panama, mmene mumadutsa sitima zapamadzi.

Kodi n'zoona kuti mmbulu ndiwo unkamutsekereza? Umboni unapezeka ku Yellowstone, malo aakulu osungirako nyama. Mimbulu yomaliza ya kumeneko inaphedwa mu 1926. Mu 1995 boma linabweretsa ina kuchokera ku Canada. Patangopita zaka zochepa, m'madera amene mimbulu inakhazikika, akoyoti anachepa pafupifupi ndi theka.

Nkhondo imene inalephereka

Oweta nkhosa anadandaula, boma linamva. Mu 1931 nyumba ya malamulo ya United States inakhazikitsa lamulo lopatsa boma mphamvu yopha zilombo zowononga ziweto. Alenje a boma anamwazika m'tchire. Ankapha hatchi yokalamba, kuthira poizoni m'nyama yake, n'kuisiya kuthengo. Ankakumba mauna n'kupha ana. Kenaka anayamba kuwombera ali m'ndege.

Poizoni sadziwa kusankha. Anapha akoyoti, inde. Koma anaphanso ziwombankhanga, agalu a anthu, ndi nyama zina zambiri zosalakwa. Anthu anakwiya, ndipo mu 1972 pulezidenti Richard Nixon analetsa kuthira poizoni m'malo a boma. Pambuyo pake lamulolo linafewetsedwa. M'zaka zaposachedwazi boma lokha lakhala likupha akoyoti oposa 50,000 chaka chilichonse, osawerengera ophedwa ndi alenje wamba ndi alimi.

Tsono taonani chodabwitsa. Zaka zonsezi akuphedwa, koyoti sanathe. M'malo mwake anafika kumene sanafikeko kale. Chifukwa chake n'chiyani? Apa tiwerenge mofatsa, chifukwa ndiye mtima wa phunziroli.

Akoyoti amakhala pa banja, wamwamuna mmodzi ndi wamkazi mmodzi. Kawirikawiri salekana mpaka wina atafa. Banjalo lili ndi dera lake, ndipo limapirikitsa mlendo aliyense. Amakwerana pakati pa Januwale ndi Malichi. Bere limakhala masiku pafupifupi 63. Ana amabadwa mu Epulo kapena Meyi, kawirikawiri 4 mpaka 7. M'dera limodzi, amene amaswa ndi mayi wa banjalo yekha. Ana a chaka chatha otsalira pakhomo saswa, amangothandiza kulera. Kunja kwa malire kumayendayenda akoyoti ena opanda dera, ofuna malo.

Ndiye mlenje waphapo akoyoti ambiri. Chichitike n'chiyani? Choyamba, dera lija latsala lopanda mwini, ndipo oyendayenda aja amalowamo msangamsanga. Chachiwiri, otsala apeza mbewa ndi akalulu ochuluka, poti odya achepa. Wamkazi wokhuta amaswa ana ambiri, ndipo ana ambiri amakula osafa. Chachitatu, aakazi aang'ono amene sakanaswa chaka chimenecho nawonso atenga bere. Chaka chamawa akoyoti abwerera mwakale.

Mu 1975 akatswiri awiri a ku yunivesite ya California, Connolly ndi Longhurst, anawerengetsera nkhaniyi. Anapeza kuti pofuna kuwatheratu, pafunika kupha akoyoti 75 pa 100 alionse, chaka ndi chaka, kwa zaka zoposa 50. Ndani angakwanitse? Ngakhale boma lolemera ngati limenelo linalephera.

Pali chinanso. Si koyoti aliyense amene amagwira nkhosa. Kafukufuku wa ku Hopland, ku California komweko, anaonetsa kuti opha nkhosa kwambiri ndi banja limene dera lake lakumana ndi busa la nkhosazo. Kwina anapeza kuti vutoli limakula pamene banjalo likudyetsa ana. Choncho mlimi wopha chisawawa angathe kupha akoyoti khumi, wakubayo n'kutsala. Mwinanso angaphe banja limene linkangodya mbewa, n'kutsegulira malo mlendo wodziwa kale kukoma kwa nkhosa.

Izi si za ku America kokha. Alimi a nkhosa a ku Karoo, ku South Africa, alimbana ndi nkhandwe ya msana wakuda kwa zaka zoposa 100. Anaika mphotho pa nkhandwe iliyonse yophedwa, anapanga magulu a alenje, anathira poizoni. Nkhandwe zikadalipo, ndipo zikugwirabe ana a nkhosa.

Zimene zinathandiza

Oweta ena a ku America anasintha maganizo. Anati: m'malo mothamangitsa chilombo m'tchire monse, tiyeni tilondere chiweto pamene chili. Njira zake zambiri si zachilendo kwa ife. Makolo athu ankazidziwa.

Ziweto zigone m'khola usiku, khola lolimba, lopanda mpata pansi, chifukwa koyoti amakumba ndi kukwawa. Nkhosa zoyembekezera ziswere pafupi ndi nyumba, ndipo ana asatuluke kubusa akali anthete. Chiweto chikafa, achikwirire mozama kapena achitenthe tsiku lomwelo. Nyama yotayidwa kuthengo imaitana zilombo n'kuziphunzitsa njira ya kukhola.

Koma chimene chinatchuka kwambiri ndi galu wolondera. Galu ameneyu si wosaka, si wokusa nkhosa. Amamuika m'khola akali kamwana, wa masabata 7 kapena 8. Amagona ndi nkhosa, amadyera pomwepo, amakula akuziyesa abale ake. Akakula amapita nazo kubusa m'mawa n'kubwera nazo madzulo. Koyoti akayandikira, galuyo amauwa n'kuima pakati. Kawirikawiri safika pomenyana. Chilombo chimaona kuti apa pavuta, n'kubwerera ku mbewa zake.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 alimi a ku United States anayamba kuitanitsa agalu aakulu a ntchito imeneyi kuchokera ku Europe ndi ku Turkey. Wina anena kuti, "Ife agalu otero tiwapeza kuti?" Mverani izi. Anthu a mtundu wa Navajo, eni nthaka a kumwera chakumadzulo kwa dzikolo, akhala akuweta nkhosa ndi mbuzi pakati pa akoyoti kwa zaka mazana. Agalu awo ndi agalu wamba a m'mudzi, onga athu omwewa. Chinsinsi chili m'kaleredwe. Ana asamasewere naye kagaluko, asamakazolowetse pakhomo pa khitchini, ndipo kazidya mokwanira. Galu wanjala amasiya mbuzi n'kukafuna mikute. Ku Namibia nakonso, kuyambira 1994, bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupereka agalu olondera kwa oweta mbuzi ndi nkhosa.

Ena amaika bulu pakati pa nkhosa. Bulu amadana ndi chilichonse chooneka ngati galu, amachithamangitsa ndi kuchiponda. Akhale mmodzi. Abulu akachuluka amatsatana okhaokha, nkhosa n'kuziiwala.

Ku Marin, boma laling'ono la ku California, anachita chinthu chimene a kooperativa angachiganizire. M'chaka cha 2000 anagwirizana zosiya kulipira alenje a boma. Ndalamazo anayamba kuthandizira alimi kugula waya wa mpanda ndi nyama zolondera. Mpanda ngwodula kwa munthu mmodzi. Kwa gulu umatheka.

Tisanamizane, njira zimenezi sizitseka zonse. Alimi a kumeneko amatayabe ana a nkhosa. Chilombo chikazolowera khola limodzi, chimenecho amachisaka n'kuchipha, ndipo m'pomveka. Kupha wakuba mmodzi wodziwika n'kosiyana ndi kumwaza poizoni m'thengo. Poizoni ameneyo tikumukana. Mankhwala a thonje kapena a mbewu othiridwa m'nyama amapha galu wa mnansi, amapha miimba imene imatichotsera zovunda, ndipo mvula ikagwa amatsikira kuchitsime.

Koyoti m'tauni

Lero koyoti amakhala ngakhale m'mizinda ikuluikulu monga Chicago ndi Los Angeles. Ku Chicago, kuyambira chaka cha 2000, akatswiri otsogozedwa ndi Stanley Gehrt akhala akuwaveka timawailesi m'khosi kuti adziwe kumene amayenda. Anapeza kuti masana amabisala, usiku ndiye amatuluka, ndipo ambiri amadyabe mbewa, akalulu ndi zipatso. Anthu miyandamiyanda amagona pafupi nawo osadziwa.

Kuluma munthu sikuchitika kawirikawiri. Imfa zolembedwa ndi ziwiri: mwana wa zaka 3 ku California mu 1981, ndi mtsikana wa zaka 19 ku Canada mu 2009. Vuto limayamba chilombo chikasiya kuopa anthu. Chimasiya kuopa chikamapeza chakudya pakhomo. N'chifukwa chake anthu a kumeneko amalangizidwa kuti asamadyetse koyoti, azivundikira zinyalala, ndipo akamuona pafupi azikuwa, kuwomba m'manja, kumugenda. Asathawe, chifukwa chothawa amachithamangira. Nanga dzala la kwanu lili pati? Matumbo a nkhuku ndi mafupa mumataya kuti?

Matenda a chiwewe

Choopsa chachikulu cha nyama za mtundu wa galu ndi chiwewe. Mu 1988 chiwewe chinabuka kumwera kwa Texas pakati pa agalu ndi akoyoti. Kupha nyama sikunathetse mliriwo. Kuyambira 1995 boma linayamba kumwaza kuchokera m'ndege timagawo ta chakudya tokhala ndi katemera m'kati. Akoyoti anadya, anatemereka, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi mtundu umenewo wa chiwewe unatha.

Nkhandwe ya kwathu kuno, ya mzere m'nthiti, nayonso imatenga chiwewe. Nthawi zambiri imachitenga kwa agalu osabayidwa, n'kuchibwezanso kwa agalu ndi ng'ombe. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, galu aliyense wa m'mudzi apite, ngakhale wolondera mbuzi uja. Mukaona nkhandwe ikulowa m'mudzi masanasana, yosaopa munthu, dovu lili chuchuchu, lowetsani ana m'nyumba ndipo musaigwire, ngakhale itafa. Munthu akalumidwa ndi galu kapena nkhandwe, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire kuti ayambe kudwala, chifukwa chiwewe chikaonekera sichichizika.