Tepi Yomata pa Phewa ndi Dzanja la Wodwala Sitiroko

Amayi, mukamayenda m'midzi ya ku Kande kukazonda odwala, mumapeza ena amene anagwidwa ndi sitiroko. Kawirikawiri mwendo umayamba msanga kupeza mphamvu, koma mkono umatsalira: uli lende, zala zafumbata, phewa likuwawa mpaka kusowetsa tulo. Njira imodzi imene a mafizo amagwiritsa ntchito pa vutoli ndi kumata tepi yapadera pakhungu. Ndi bwino muidziwe kuti muzilangiza mabanja moyenera.

Phewa limawawa chifukwa chiyani?

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, nthawi zambiri chifukwa cha BP. Ubongo ukavulala kumanzere, mbali yakumanja ya thupi ndi imene imafooka. Fupa la mkono limakhala m'malo mwake chifukwa minofu ya paphewa imaligwira. Minofuyo ikafooka, mkono umalemera n'kukokera fupalo pansi, moti pamwamba pa phewa pamatha kuoneka kampata kolowa chala. Dzanja nalo limatupa chifukwa silikugwira ntchito.

Tepi imachita chiyani?

Tepi imeneyi anaiyambitsa Kenzo Kase wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo inatchuka pa masewera a Olympic ku Beijing mu 2008. Ndi yathonje, imatamuka, ndipo ilibe mankhwala olowa m'thupi. Wa mafizo amaimata motsata minofu ya paphewa kuti ichirikize mkono, kapena kumsana kwa dzanja kuti zala zisamangopindikira m'kati. Kukoka kwake pakhungu kumakumbutsanso wodwala kuti ali ndi mkono umenewo, poti ena amauiwala. Kwa ena ululu umachepa, ndipo amalimba mtima kuchita mafizo. Koma dziwani ichi: tepi payokha sichiritsa mkono. Chimene chimabweza mphamvu ndi kuugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, makamaka miyezi itatu yoyamba, pamene kuchira kumafulumira.

Zoyenera kusamala

Tepi imatidwe ndi munthu wophunzira ntchitoyi, chifukwa kukoka mopitirira kumachititsa matuza. Musamate seloteyipi kapena tepi ya mawaya a magetsi, ndipo musamange mkono ndi legeni. Pasakhale bala, chikanga kapena mphini zatsopano. Khungu likhale loyera, louma, losadzola mafuta. Tepi imakhala masiku atatu mpaka asanu, koma kunyanja kuno thukuta limaimatula msanga. Wodwala akhoza kusamba nayo, kungoti poumitsa musaikhule.

Muziyang'ana khungu tsiku lililonse, chifukwa ena samva kuwawa mbali yofookayo. Pakayamba kuyabwa, kufiira kapena zala zikazizira, inyowetseni ndipo muichotse pang'onopang'ono. Samalani kwambiri ndi okalamba komanso odwala shuga.

Zimene mungachite ngakhale tepi palibe

Tepi sipezeka m'chipatala chilichonse, koma chisamaliro chachikulu chili m'manja mwa osamalira wodwala. Pomudzutsa pamphasa kapena pomukweza galimoto, musamukoke mkono wofookawo kapena kumunyamulira m'khwapa, mugwireni m'chiuno. Akakhala pansi, mkonowo utsamire pa pilo kapena pa nsalu zopindapinda. Povala, yambani ndi mkono wodwala; povula, womwewo ukhale womaliza.

M'phunzitseni kulukanitsa zala za manja onse awiri, kuti dzanja lamphamvu lizikweza linzake mosapitirira msinkhu wa phewa. Zala zikayamba kugwedezeka, m'patseni tintchito: kusankha nyemba, kutola usipa m'lichero, kupsinya chinangwa choviika, kugwira kapu. Musamuchitire zonse chifukwa chomumvera chisoni. Mumutalikitsenso ndi moto ndi madzi otentha, poti akhoza kupsa osadziwa.

Pitani kuchipatala cha Kande kapena cha Chintheche mukapemphe kuti akutumizeni kwa a mafizo, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu Central. Mankhwala a BP asasiyidwe, kuopa sitiroko yachiwiri. Mukaona munthu pakamwa papotoka, mkono wafooka mwadzidzidzi kapena lilime likulemera, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche.