Kodi Dzino Lomata Lingapirire Kutafuna?

Dzino lakumbuyo likabooka, ambiri a ife timadikira mpaka litatichezetsa usiku wonse, kenako n'kupita kuchipatala kukapempha kuti alizule. Timamva ndithu kuti dzino limatheka kumatidwa, koma timakayika ngati chinthu choikidwa ndi manja a munthu chingalimbane ndi chimanga chokazinga kapena nzimbe. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Zomatira mano n'zolimba, koma kukhalitsa kwake kumadalira kwambiri kukula kwa dzino lenileni limene latsala pa tsiku lomata.

Katundu amene mano akumbuyo amasenza

Sizasi imadula mwamphamvu pafupi ndi pamene zitsulo zake ziwiri zalumikizana. Nsagwada imachitanso chimodzimodzi. Mano akumbuyo ali pafupi ndi polumikizira nsagwada komanso pafupi ndi minofu yotafunira, n'chifukwa chake amalandira mphamvu yochuluka kuposa akutsogolo. Munthu wamkulu akaluma ndi mphamvu zake zonse, dzino lakumbuyo limatha kupanikizidwa ngati lasenza makilogalamu 50 kapena kuposerapo. Limenelo ndi thumba lathunthu la chimanga litakhala pa malo aang'ono ngati chikhadabo. Kutafuna nsima sikufuna mphamvu yonseyi, komabe timatafuna kambirimbiri tsiku lililonse, chaka ndi chaka.

Mphamvuyi sitsikira pansi pokha. Pamwamba pa dzino lakumbuyo pali timitunda ndi tizigwa. Tikamatafuna, kamtunda ka dzino lam'mwamba kamalowa m'kachigwa ka dzino lam'munsi n'kumakankhira makoma ake kunja, monga nkhwangwa imachitira ikalowa m'chikuni.

Dzino labwino limapirira chifukwa cha kapangidwe kake. Kunja kuli enamelo, chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi lathu, ngakhale fupa. Koma enamelo payokha imasweka ngati galasi. Imatetezedwa ndi dentini, yomwe ili pansi pake. Dentini ndi yofewerapo, imapindika pang'ono n'kumeza mphamvu ya kuluma. Komanso m'mphepete mwa dzino, kumene limagundana ndi anzake, muli timizere tokwera ta enamelo tomwe timamanga timitunda tija pamodzi, monga bimu imamangira makoma a nyumba.

Kuwola kwa dzino kumadya zinthu zimenezi. Pa kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 1989 ku America, akatswiri anayeza mano a m'mbali ozulidwa kale. Anapeza kuti bowo la pamwamba pokha limachepetsa kulimba kwa dzino ndi magawo pafupifupi 20 pa 100 alionse. Bowo lodula timizere tonse tiwiri ta m'mphepete linachepetsa kulimbako ndi magawo opitirira 60 pa 100.

Amalgamu

Chomatira chooneka ngati chitsulo chotuwa chimatchedwa amalgamu, ndipo chakhala chikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 150. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mekyule, kwinako ndi siliva, tini ndi kopa. Amalgamu imapirira kwambiri kupanikizidwa ndipo siperepeseka msanga. Vuto lake n'lakuti simamatirira ku dzino. Dokotala amasema bowo kuti likhale lotakasuka pansi kuposa pakamwa pake, kuti chomatiracho chikauma chisatuluke. Imafunanso kuti ikhale yochindikala, pafupifupi mamilimita 2, chifukwa ikapyapyala imathyoka. Choncho imadzaza bowo bwino, koma sigwira makoma a dzino kuti asatayane. Bowo likakhala lalikulu, kawirikawiri chimene chimathyoka ndi khoma la dzino, amalgamu n'kutsala ili bwinobwino.

Amalgamu imatenga pafupifupi maola 24 kuti ifike pa mphamvu yake yonse, n'chifukwa chake wodwala amauzidwa kuti asatafunire mbali imeneyo tsiku loyamba. Masiku ano mayiko akuichepetsa potsatira pangano la Minamata la mu 2013, lomwe cholinga chake ndi kuteteza anthu ndi chilengedwe ku mekyule. Koma amalgamu imene ili kale m'kamwa ndipo ikugwira bwino ntchito sifunika kuchotsedwa popanda chifukwa, poti kuichotsa kumadyanso dzino.

Kompoziti

Chomatira chofanana mtundu ndi dzino chimatchedwa kompoziti. Ndi utomoni wa pulasitiki wosakanizidwa ndi ufa wosalala wa galasi, ndipo ufawo ndi umene umapatsa mphamvu. Utomoni umene makompoziti ambiri amagwiritsa ntchito anaupanga ndi Rafael Bowen wa ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Dokotala amapaka kaye asidi wofatsa kuti enamelo ikhakhale, amapaka guluu wake, amaika kompoziti, kenako amaiumitsa ndi kuwala kwa buluu. Poti imamatirira, imathandiza kugwira makoma pamodzi ndipo sifuna kusema dzino kwambiri. Imauma nthawi yomweyo.

Nayo ili ndi zovuta zake. Pouma imakhwinyata ndi magawo awiri kapena atatu pa 100, ndipo kukhwinyatako kumakoka makoma kapena kusiya kampata m'mphepete. Pofuna kupewa zimenezi, dokotala amaiika pang'onopang'ono, mamilimita pafupifupi 2 nthawi imodzi. Malovu akalowa pa nthawi yomata, guluu sagwira. Mwana amene akuyenda mutu pampando kapena kutseka pakamwa msanga amafupikitsa yekha moyo wa chomatira chake.

Glass ionomer

Chachitatu ndi simenti ya mano yotchedwa glass ionomer, imene Alan Wilson ndi Brian Kent anaipanga ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Imamatirira yokha ku dzino, sichita mantha kwambiri ndi chinyezi, ndipo imatulutsa fuloraidi, amene amathandiza kuteteza dzino pamalo ozungulira. Pa zitatuzi, iyi ndiyo yofooka: imaperepeseka ndiponso kuthyoka msanga ikasenzetsedwa katundu wolemera.

Ubwino wake ndi woti imatheka kuikidwa kumene kulibe magetsi. M'zaka za m'ma 1980, dokotala wa mano Jo Frencken anayambitsa ku Tanzania njira yotchedwa ART, yochotsa zowola ndi zipangizo za m'manja zokha n'kumata. Lero njirayi imagwiritsa ntchito glass ionomer. Imagwira bwino pa bowo laling'ono la pamwamba, lozunguliridwa ndi makoma mbali zonse, chifukwa makomawo ndi amene amasenza katundu. Pa bowo lotseguka m'mbali sikhalitsa chimodzimodzi. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri.

Makoma akatsala opyapyala kwambiri, palibe chomatira chimene chingawabwezere mphamvu. Apo dokotala amaveka dzino chisoti chotchedwa crown, chomwe chimakuta timitunda tonse kuti tisatayane. Chisotichi ndi chodula ndipo sichipezeka pachipatala chilichonse. Mng'alu ukatsika mpaka ku muzu, chotsala ndi kuzula basi.

Zimene tingachite

Makolo tikumbukire kuti dzino lalikulu loyamba lakumbuyo limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, popanda lina kuguluka pamalopo. Ambiri timaliyesa la ubwana n'kulilekerera, pamene silidzameranso. Lachiwiri limamera cha pa zaka 12. Tiziyang'ana m'kamwa mwa ana athu, ndipo tikaona kadontho kakuda kapena malo amene chakudya chimakanirira, tipite nawo kuchipatala dzino lisanayambe kupweteka.

Ophunzira amene muli ndi dzino lomata, lekani kutsegula mabotolo ndi mano, ndipo samalani ndi mafupa, masiwiti olimba ndi timiyala ta mu mpunga kapena nyemba. Mukamva kuti dzino lomatalo likuyamba kugunda anzake asanakumane, bwererani akalisalaze, chifukwa likusenza lokha katundu wa mano onse. Kupweteka kobaya poluma kapena polekerera kungasonyeze mng'alu. Ngati mumakukuta mano kutulo, muuzeni dokotala.

Chomatira sichiwola, koma dzino lochizungulira limawola, ndipo kuwola kwatsopano m'mphepete ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomatiranso dzino. Nthawi iliyonse imene lamatidwanso, bowo limakula ndipo makoma amapyapyala. Tizitsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, tichepetse shuga mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera. Tikafika kwa dokotala, tisamangoti "zulani". Tiyambe tafunsa ngati makoma a dzinolo akadali okwanira kumata.