N'chifukwa chiyani intercooler imakhala kutsogolo kwa radiyeta?

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pikapu ya dizilo ya amalume inawira tili pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, tikuchokera ku Kawale. Madzi mu radiyeta analimo okwanira, fani imazungulira. Nanga vuto linali pati? Yankho ndinalipeza pa galaja ina ku Biwi, ndipo ndi Fizikisi yomwe ija timaphunzira m'kalasi.

Tiyambe ndi turbo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kachipupa, komwe kamazunguzanso kanzake kokankhira mpweya wambiri mu injini. Mpweya wambiri ndiye kuti okosijeni wambiri, dizilo amayaka bwino, mphamvu zimachuluka. Koma munayamba mwapopapo njinga n'kugwira pampu? Imatentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo wochokera mu turbo umatha kupitirira madigiri 100. Mpweya wotentha umafutukuka, choncho mu lita imodzi mumalowa okosijeni wochepa. Ntchito ya intercooler ndiyo kuuziziritsa usanalowe mu injini.

Amakaniko atachotsa girilu ndinaona zinthu zitandandalikana: intercooler kutsogolo, radiyeta pambuyo, kenaka fani. Sanangoziika mwachisawawa ayi. Kutentha kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizirirapo, ndipo kusiyana kukakula kumayenda msanga. Madzi a mu radiyeta amakhala pa madigiri pafupifupi 90, ndiye ngakhale mphepo yofunda ya madigiri 45 ikhoza kuwaziziritsa. Koma intercooler imafuna kutsitsa mpweya kufika pafupi ndi mmene kunja kulili, motero iyenera kulandira mphepo yoyamba. Radiyeta imadya makombo.

Magalimoto ena, monga Toyota Hilux zambiri za pakati pa 2005 ndi 2015, intercooler ili pamwamba pa injini. Chibowo cha pa boneti chija si chokongoletsa, ndi polowera mphepo. Ubwino wake mapaipi amafupika ndipo radiyeta sitchingidwa. Kuipa kwake, galimoto ikaima pa jamu intercooler imawambidwa ndi injini ngati nsomba pa moto.

Tsono vuto la amalume linali pawiri. Pakati pa intercooler ndi radiyeta panali patadzaza fumbi ndi njere za udzu, zomata ngati chigamba. Komanso pulasitiki yozungulira fani inali itasweka kalekale, iwo n'kungoitaya. Mphepo ndi yaulesi, imadutsa pophweka. Popanda pulasitikiyo fani imangokoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kudzera m'timabowo ta radiyeta. Pa msewu wa M1 liwiro linkabisa vutoli, koma pa jamu zonse zimadalira fani.

"Mphwanga, ndimaona ngati n'kachikuto chabe," anatero amalume akulipira.

Chenjezo limodzi anzanga: musatsegule chitsekero cha radiyeta injini ili yotentha. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, kotero madzi kuno amawira asanafike madigiri 100. Chitsekerocho chimasunga mphamvu ya kupanikizika yomwe imaletsa madziwo kuwira. Mukachitsegula amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso.

Mawa popita ku sukulu suzumirani m'magirilu ndi pa maboneti a mapikapu. Mudzatiuze: mwaona intercooler zingati zapamwamba, zingati zakutsogolo?