Kacipangizo Kamene Kalingalitsa Eni Masewera m'Makomboni a Lusaka

M'makomboni a Kanyama, Matero ndi Chawama muli timashopu m'mene anyamata amalipira ndalama kuti asewere mpira wa pa kanema. Eni ambiri ali ndi PlayStation, koma amene asankha kompyuta afunika kugulanso kacipangizo kochedwa graphics card, kamene kajambula zithunzi zooneka pa galasi.

Makampani ochuka pa nchito imeneyi ndi awiri, Nvidia ndi AMD. Masewera a FIFA, amene m'caka ca 2023 anasintha dzina kukhala EA Sports FC, amayenda ndi onse awiri. Pa masewera a caka cimeneco opanga ake anachula GTX 1050 Ti ya Nvidia kapena RX 570 ya AMD monga poyambira. Kacipangizo kakacepa mphamvu, mpira umayenda modukiza, ndipo anyamata amathawira ku shopu ina.

Kusiyana kwenikweni kuli pa malaiti. RX 570 iposa inzake mphamvu, koma imadya mawati 150 pamene inzakeyo imadya 75 cabe. M'caka ca 2024 madzi atacepa ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa malaiti maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mwini shopu wodalira jenereta anali kulipira kusiyana kumeneku ndi petulo.