"Mungatani Ngati…?" Funso Logwetsa Ofuna Ntchito

Mkazi wanu ndi ana anu awiri ali chigonere, onse akudwala chimfine. Palibe wachibale kapena mnzanu woti awayang'anire, ndipo kwatsala maola atatu kuti mulowe ntchito. Mungatani?

Funso limeneli linasindikizidwa mu 1980 m'kafukufuku wa Gary Latham ndi anzake, amene anayesa njira yatsopano yofunsira anthu a ntchito m'mafakitale a matabwa ku America. Chimene wofunsidwa sankachiona ndi pepala lomwe linali m'manja mwa ofunsa, pomwe mayankho anali atalembedwa kale ndi malikisi ake. Wonena kuti atsala pakhomo chifukwa banja ndilo lofunika ankapeza 1. Wonena kuti aimbira foni kapitawo n'kumufotokozera ankapeza 3. Malikisi onse 5 ankapita kwa wonena kuti poti ndi chimfine chabe, apita kuntchito.

Ambiri mtima ungawawawe pomva zimenezi, ndipo m'pomveka, chifukwa kutsekera odwala m'nyumba n'kumapita si chinthu chapafupi. Komabe pepala lija likuulula mmene mafunso oterewa amabadwira. Ofufuzawo ankayamba atola kwa odziwa ntchitoyo zinthu zenizeni zomwe zinachitikapo, zabwino ndi zoipa, kenaka n'kuzisandutsa mafunso. Pafunso ili ankafuna kudziwa yemwe angamajombe. Ndipo nkhani yonse inagona pa liwu limodzi, chimfine. Akanatchula matenda akayakaya, yankho loyenera likanakhala lina. Wothamangira kuyankha liwu lotere limamudutsa.

N'chifukwa chake munthu wochenjera amayamba wakhala phee pang'ono. Masekondi ochepa amenewo samuchotsera malikisi. Ngati pali posamveka, amafunsa mwaulemu: "Pepani bwana, kodi pa nthawiyo akuluakulu ena alipo, kapena ndili ndekha?"

Titenge wofunsira ntchito yosunga ndalama. Ofunsa akuti bwana wake wamuuza kuti atulutse ndalama msangamsanga, mapepala adzasaina mawa. Kungoyankha kuti "ndingakane" n'kosakwanira, pomwe "ndingamvere bwana" n'kudzikumbira dzenje. Ofunsa akufuna amve ndondomeko: kufunsa changucho chachokera pati, kukumbutsa bwanayo mwaulemu kuti ndalama sizituluka popanda chikalata, kudzipereka kukonza mapepalawo pompopompo kuti ntchito isaime, ndipo akaumirirabe, kudziwitsa wamkulu wina. Yankho limeneli lasunga zinthu ziwiri zomwe funsolo linaziika dala kuti zilimbane, ulemu kwa bwana ndi lamulo la ndalama. Mafunso ambiri a "mungatani" ndi omangidwa chomwechi, ndipo amene waziona zinthu ziwirizo wayamba kale kukhoza.

Wakuti zofanana nazo zinamuchitikirapo, kaya kusukulu, kumpingo kapena pabanki mkhonde, azinene. Zimene munthu anachitadi zimakhutiritsa kuposa zimene akulonjeza. Koma nkhani yopeka imaululika ofunsa akangoti, "Ndiye zinatha bwanji?"

Palinso mtundu wina wa mafunso, wonga zilapi. Kampani ya Microsoft inatchuka nawo m'zaka za m'ma 1990, monga lofunsa chifukwa chake zivundikiro za maenje a m'misewu zimakhala zozungulira. William Poundstone anawalembera buku lonse mu 2003. Google nayo inawakonda kwa kanthawi, koma mu 2013 mkulu wake woona za antchito, Laszlo Bock, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti mafunso ngati akuti mipira ingati ya gofu ingadzaze ndege ndi ongotaya nthawi. Iye anati salosera kalikonse za mmene munthu adzagwirire ntchito, amangochititsa wofunsayo kudzimva wanzeru. Ananena zoona, ndipo n'zachisoni kuti mnyamata waluso angasowe ntchito chifukwa cha chilapi.

Komabe ofunsa ena sanawasiye. Wofunsidwa kuti m'tauni mwake muli njinga za kabaza zingati asaganize kuti pali nambala yobisika imene ayenera kuilasa. Awerengere mokweza: masiteji alipo pafupifupi angati, siteji imodzi imakhala ndi njinga zingati, nanga oyendayenda osaima pasiteji angakhale ochuluka bwanji. Ofunsa akumvetsera njira yofikira pa nambalayo.

Kukonzekera kumayambira pa chilengezo cha ntchito chomwecho. Pa udindo uliwonse wolembedwapo, munthu adzifunse chimene chingasokonekere: mankhwala atha odwala ali pamzere, kasitomala wakalipa, mnzake wakuntchito akuba. Kenaka apeze womufunsa, ayankhe ndi pakamwa, m'chilankhulo chimene adzagwiritse ntchito tsiku la intavyu, mpaka lilime lizolowere.