Mchere sungakuuzeni ngati mwaima

Sabata yatha, pa benchi la sikelo ya amayi oyembekezera pa chipatala china chaching'ono, ndinakhala moyandikana ndi mtsikana amene mimba yake inali itaonekera kale, koma kunali kubwera kwake koyamba. Kwa miyezi inayi ankakhulupirira kuti sanaime. Anathira mchere m'kapu ya mkodzo wake monga anaonera pa WhatsApp, mcherewo sunaundane, iye mtima pansi. Mseru wa m'mawa ndi kufooka ankati ndi malungo, n'kumagula panado pa okala.

Bodza la mchereli lafala, ndipo lili ndi abale ake: ena amathira shuga, ena sopo, ena mankhwala otsukira mano. Zonsezi n'zachabe, ndipo amene amazifalitsa akusewera ndi miyoyo ya anzawo.

Chimene chimaulula mimba ndi homoni yotchedwa hCG. Dzira likakumana ndi mbewu ya abambo, limatsika pang'onopang'ono, ndipo patatha pafupifupi sabata imodzi limamatirira kukhoma la chiberekero. Pamenepo timaselo timene tidzasanduke nsengwa timayamba kutulutsa hCG. Homoniyi imalamula thupi kuti lipitirize kupanga homoni ina, progesterone, imene imagwira khoma la chiberekero kuti lisakokoloke. N'chifukwa chake msambo umaima. M'masabata oyambirira hCG imachuluka kuwirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse, n'kufika pachimake cha m'sabata ya 10. Kachipangizo koyezera kamene kali kuchipatala ndi m'mafamase kanapangidwa kuti kagwire homoni yokhayi mumkodzo, n'kuonetsa mizere iwiri. Mchere wa kukhitchini sudziwa hCG.

Thupi limanong'ona ndithu. Mabere amafufuma ndi kuwawa, nsonga zake zimada, mayi amakodza pafupipafupi, tulo sitimuthera, fungo la usipa kapena mafuta ophikira limamudzutsira mseru. Koma palibe chizindikiro chokwanira pachokha. Jakisoni wolera, kuyamwitsa, nkhawa ngakhale matenda zimathanso kuimitsa msambo, ndipo amayi ena amaona timadontho ta magazi ali oyembekezera kale.

Kuchedwa kudziwa kuli ndi mtengo wake. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'mwezi woyamba, nthawi imene mayi amafunika folic acid. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba asanadutse masabata 12. Kusikelo n'kumene amayeza magazi ndi HIV, amapereka mapiritsi owonjezera magazi ndi neti. Kubisa mimba poopa afiti, kapena kudikira kuti iyambe yaoneka, n'kudzimana zonsezi.

Amayi, mwezi ukakudumphani, yezetsani ndi mkodzo woyamba wa m'mawa. Mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena kapena mukataya magazi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mchere usiyireni ndiwo.