Mwana Akati "Ndikufuna Ndikaphunzire Kunja"

Msewu wa M1 umathera pa Marka, m'dera la Mfumu Ndamera ku Nsanje, ndipo mukapitirira pang'ono ndiye kuti mwalowa m'dziko la Mozambique. Kuchokera kumeneko kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, kudzera pa boma, Bangula, Nchalo, kenaka kukwera mapiri a pa Thabwa. Koma uthenga wa pa WhatsApp suona kutalika kwa mtunda. Mtsikana wa Fomu 3 akabwereka foni ya achimwene ake, amaona zomwezo zimene akuona mnzake wa ku Namiwawa: sukulu zokongola za kunja, ana a mitundu yonse, ndi mawu akuti ochita bwino adzaphunzira ulere. Tsiku lina madzulo, banja litakhala pamphasa, amangoti, "Ababa, ndikufuna ndiyese nawo." Kodi ife makolo tiyankhe chiyani?

Tiyambe ndi kunena kuti sukulu zoterezi zilipodi, ndipo ana a ku Malawi amapitako. Zodziwika kwambiri ndi za United World Colleges, mwachidule UWC. Yoyamba inatsegulidwa ku Wales mu 1962, ndipo lero zilipo 18 m'maiko osiyanasiyana. Yapafupi ndi ife ndi Waterford Kamhlaba ya ku Mbabane m'dziko la Eswatini, imene inayamba mu 1963 pofuna kuti ana akuda ndi azungu aphunzire m'kalasi imodzi pa nthawi imene tsankho linali litafika povuta ku South Africa. Ana aakazi a Nelson Mandela anaphunzira kumeneko. Ina ili ku Tanzania, m'mizinda ya Moshi ndi Arusha. Achinyamata a zaka 16 mpaka 19 amaphunzirako kwa zaka ziwiri maphunziro otchedwa International Baccalaureate: maphunziro asanu ndi limodzi, chimangirizo chofufuza cha mawu okwana 4,000, komanso ntchito zothandiza anthu a m'dera. Amene amasankha ana ambiri ndi komiti ya m'dziko lawo lomwe, ndipo Malawi ili ndi komiti yake.

Palinso African Leadership Academy ya ku Johannesburg, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2008. M'gulu loyambalo munali William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata uja anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002, nkupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Anadzamaliza maphunziro a ukachenjede ku Dartmouth College, ku America, mu 2014.

Nkhani ya Kamkwamba timaikonda, koma kawirikawiri timaphonya phunziro lake. Sanasankhidwe chifukwa cha mapointi. Anasankhidwa chifukwa cha chimene anachita ndi manja ake pakhomo pa makolo ake. Kukhoza bwino m'kalasi nkofunika ndithu, koma ofunsira malo pafupifupi onse amakhala okhoza bwino. Chimene osankha amafuna kumva ndi chakuti: mwana ameneyu waona vuto lanji kumene amakhala, nanga wachitapo chiyani? Apa mpamene mwana wa ku Ndamera ali ndi chonena kuposa mmene amadziganizira. Anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 ali wamng'ono, anaona namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023. Mwina anaphunzitsako ana anzake pansi pa mtengo pamene makalasi anasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Mwina ndi iye amawerengera agogo ake kamwedwe ka mankhwala, kapena amathirira dimba m'mamawa asanapite ku sukulu, kapena amatsogolera kagulu ka Pathfinder. Amalankhula Chisena, Chichewa ndi Chingerezi, ena nkuwonjezapo Chipwitikizi cha kumsika wa pamalire. Zonsezi ife timaziona ngati moyo wamba. Kwa osankha aja, imeneyi ndiyo nkhani.

Nchifukwa chake tikupempha makolo ndi aphunzitsi kuti asamulembere mwana chimangirizo chake. Mtima wofuna kuthandiza ndi wabwino, koma chimangirizo cholembedwa ndi amalume a ku Lilongwe, kapena chotengedwa pa intaneti, chimadziwika pa tsiku la mafunso a pamaso ndi pamaso. Mwana amafunsidwa za mawu amene sanalembe, nkuyamba kukanda pansi ndi chala. Mphunzitsi akonze galamala, koma nkhaniyo ikhale ya mwini wake.

Chimagwetsa ana ambiri a kuchigwa si nzeru, koma mapepala ndi nthawi. Fomu imalembedwa pa intaneti ndipo ili ndi tsiku lotsekera, lomwe silisuntha chifukwa choti netiweki inavuta kapena magetsi anazima. Mwana akhale ndi imelo yakeyake imene amaitsegula kawirikawiri. Pamafunika malipoti a sukulu a zaka zapitazo okhala ndi chidindo cha ahedi, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, kalata ya kubadwa, ndi chiphaso cha unzika chimene munthu amalandira akakwana zaka 16. M'dera limene madzi amalowa m'nyumba usiku, mapepala oterewa tiwakulunge m'pulasitiki, tiwajambulenso pa foni nkudzitumizira pa imelo. Pasipoti nayo imafuna ndalama ndi ulendo wa ku Blantyre. Tifunsiretu ngati thandizo limene sukulu ikupereka likuphatikiza tikiti ya ndege, chitupa cholowera m'dzikolo, inshulansi ya chipatala ndi ulendo wobwera kumudzi pa tchuthi, popeza thandizo lina limangolipira mbali ya fizi. Ndipo wina akakuimbirani kuti tumizani ndalama pa foni kuti akusungireni malo, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba. Malo a m'sukulu zimenezi sagulidwa kwa munthu wapakati.

Nanga Sabata?

Ili ndilo funso limene mabanja athu ambiri amalisiya mpaka kalata yachisangalalo itafika, pamene mudzi wonse wamva kale ndipo kubwerera m'mbuyo kukuoneka ngati manyazi. Ife tikuona kuti liyenera kufunsidwa poyambirira. Sukulu za UWC ndi African Leadership Academy si za mpingo uliwonse. Zimalandira ana a zipembedzo zonse ndipo zimanyadira kutero, koma sizinakonze ndondomeko yake poganizira munthu amene amapumula kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa tsiku la Sabata. Masewera, maulendo a kalasi, ntchito za m'dera, ngakhale mafunso osankhira ana enieniwo, zikhoza kugwa pa tsikuli. Mwanayo alembere komiti kapena sukulu mwaulemu, fomu isanapite, kufotokoza chimene amasunga ndi kufunsa ngati pali njira ina. Yankho likhale lolembedwa. Afunsenso ngati pali tchalitchi cha Adventist pafupi, komanso ngati ophunzira amaloledwa kutuluka pa mpanda kukapemphera. Abusa kapena mlembi wa mpingo angathandize kulumikizana ndi mpingo wa kumeneko kuti papezeke banja lomulandira pa Sabata.

Pali zina zimene sitiziganizira tili kuno. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5 kapena 6 koloko chaka chonse. Ku Norway, kumene kuli sukulu ina ya UWC, m'mwezi wa Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, kutanthauza kuti Sabata likhoza kuyamba zochitika za Lachisanu zisanathe. Mayeso a SAT, amene mayunivesite ena a ku America amafuna, amalembedwa Loweruka. Eni ake amalola ofuna kusunga tsikuli kupempha tsiku lina, koma pamafunika kalata ya abusa ndi kupempha nthawi ilipo.

Komabe kalata ya abusa ili ndi malire ake. Pa sukulu yogonera komweko sipadzakhala mayi womudzutsa kuti akonzekere Sukulu ya Sabata, sipadzakhala bambo woyambitsa nyimbo dzuwa likamalowa. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mwina Msilamu, Mhindu kapena wosakhulupirira kalikonse, adzamufunsa mwachidwi chabe chifukwa chimene sakupita nawo ku mpira. Ngati yankho lake lili lakuti "kwathu amaletsa", sipatenga miyezi itatu. Timakonda kutchula Danieli ku Babulo tikamakamba za ana opita kutali, koma tikumbukire kuti Danieli anakadzilankhulira yekha kwa womuyang'anira, mwaulemu, ndipo anapereka njira yoti ayesedwe masiku khumi. Luso limene osankha amafuna pa tsiku la mafunso, loti mwana afotokoze maganizo ake m'mawu akeake, ndi lomwelo limene Sabata lidzafune kwa iye ali kutali. Tisanasaine fomu, timufunse kuti atifotokozere ifeyo chifukwa chimene amasungira Sabata, ndipo timvetsere osamudula mawu. Mwana wina adzatidabwitsa. Wina tidzaona kuti akufunika chaka china pakhomo, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Kwa amene akufuna sukulu ya mpingo, kuli Maxwell Adventist Academy kufupi ndi Nairobi ku Kenya, kumene Sabata ndi chakudya sizivuta. Vuto lake ndi fizi, imene banja lodalira ulimi silingaikwanitse popanda wothandiza.

Za thupi tisaiwale. Mwana wokulira m'kutentha kwa Nsanje, kumene mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, adzamva kuzizira koopsa ku Mbabane kapena ku Johannesburg mu Juni ndi Julayi, choncho majuzi ndi bulangete zikhale pa bajeti. Alembe pa fomu zakudya zimene sadya, ndipo aphunzire kufunsa chimene chili mu ndiwo. Chachikulu ndi malungo. Akabwera pa tchuthi nkubwerera ku sukulu, akhoza kudwala patapita sabata imodzi kapena ziwiri m'dziko limene madokotala saganizira msanga za matendawa. Thupi likangotentha, auze anamwino kuti wachokera kudera la malungo ndipo apemphe kuyezedwa magazi tsiku lomwelo.

Malo amene Malawi imalandira chaka chilichonse ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofunsira, kotero ana ambiri anzeru amalandira kalata yowakana. Mwana adziwe zimenezi asanayambe, ndipo asaleke kukonzekera MSCE podikira yankho. Mayeso a MANEB ndi amene adzamutsegulire khomo la mayunivesite a boma kapena Malawi Adventist University, ndipo ngati zaka zikumulola, akhoza kuyesanso chaka chotsatira, mapepala ake ali kale m'pulasitiki muja.